Mtima uli m'mwamba: nkhawa ndi chani kwenikweni, nanga yachulukadi masiku ano?

Azakhali anga aku East Bank ali ndi jumbo yomwe amaimangirira kudenga, pamtanda penipeni poti madzi sangafike msanga. Mkatimo muli chiphaso cha unzika, mabuku akuchipatala a adzukulu awo, ka K5,000 kopindapinda ndi machesi. Anayamba zimenezi chidutsireni namondwe Freddy mu March 2023, ndipo jumboyo ine sindiiona vuto, ndi nzeru ndithu. Vuto ndi loti mvula ikangoti tho tho tho pa malata usiku, olo ikhale yamawawa chabe, iwo tulo tathera pompo, amadzuka n'kukhala pakhomo ndi tochi kumaunika pansi mpaka tambala woyamba, mtima ukuthamanga, m'manja muli thukuta lokhalokha. Pano zafika poti olo mu June kumwamba kuli mbee, akangomva lole ikulira patali amati ndi madzi akubwera.

Nde imvani mmene tasiyanira pachibale. Mwana wawo wamkazi akuti ndi BP, koma kuchipatala anayeza kawiri konse BP ili bwinobwino. Akumpingo akuti chikhulupiriro chachepa. Malume akuti pali dzanja la munthu. Mphwanga wa kukoleji anangoti "azakhali muli ndi anxiety", iwo n'kumufunsa kuti ukutanthauza kuti ndapenga eti? Mawu amenewa akumveka paliponse masiku ano, pa wailesi, pa Facebook, m'magulu a WhatsApp, koma ambiri tikungowatchula osadziwa kuti mkati mwake muli chani. Tiyeni tiwamasule pang'onopang'ono.

Mantha, nkhawa ndi kupanikizika si chinthu chimodzi

Mantha amabwera choopsa chili pamaso. Uli padooko ukutunga madzi, waona mphuno ya ng'ona, thupi lachita lokha usanaganize n'komwe, ndowa uko iwe uko. Ng'ona ikapita mantha nawo amapita. Nkhawa ndi ina, imakhala pa chinthu chomwe sichinachitike ndipo mwina sichichitika n'komwe, uli pamphasa kunyumba koma mtima uli kudooko kuti mwana uja ndamutuma madzi abwerako koma? Kupanikizika, komwe achinyamata amangoti stress, ndi katundu wooneka amene wakulemera lero lino, fizi ikufunika Lolemba, ngongole ya banki mkhonde yakwana tsiku. Katunduyo akatsika umapuma. Nkhawa ndi ija yoti katundu watsika koma khosi likadali gwa.

Mkati mwa thupi zonsezi zimayenda njira imodzi. Mu ubongo muli kachigawo kakang'ono ngati mtedza kotchedwa amygdala, ntchito yake ndi ulonda. Kakaona choopsa kamatumiza uthenga ku tizigawo tomwe tili pamwamba pa impso kuti titulutse adrenaline ndi cortisol m'magazi. Nde mtima umayamba kupopa mwachangu, kupuma kumakhala kwa befu, magazi amachoka m'mimba kupita ku miyendo ndi manja, mkamwa gwa kuuma. N'chifukwa chake munthu wa nthumanzi nsima siilowa, ena mpaka kutsegula m'mimba tsiku lolemba MSCE. Wasayansi wina wa ku America, Walter Cannon, ndi amene anafotokoza bwino zimenezi mu 1915, anati thupi limakhala likukonzekera chimodzi mwa ziwiri, kumenya kapena kuthawa.

Zili ngati wezulo ndi chimkuzamawu cha akomiti ya zangozi m'mudzi. Madzi akafika pa mzere wofiira ku mtsinje, wezulo alire, anthu athawire kusukulu. Palibe amene angati wezuloyo ndi matenda. Munthu wopanda nkhawa ndi pang'ono pomwe kuno kuchigwa sangakalambe, ameneyo ndi uja amaoloka mtsinje wa Mwanza utadzadza, njinga ili paphewa.

Nanga imasanduka matenda pati?

Apa nde pagona nkhani. Achipatala sayang'ana zoti kodi munthuyu amada nkhawa, poti tonse timada. Amayang'ana kuti yatenga nthawi yaitali bwanji, kodi ikufanana kukula ndi chomwe chikuopedwacho, ndipo yamulanda chani munthuyo, tulo, ntchito, sukulu, kucheza ndi anzake. Ikakhala yoti mwiniwake akufuna kusiya kuganiza koma zikukanika, masiku ambiri pa sabata, kwa miyezi 6 kapena kuposa, apo amati ndi matenda, dzina lake generalised anxiety disorder. Munthu wake amada nkhawa ndi chilichonse, ikatha ya mbuzi yayamba ya mwana ali ku Joni, ikatha imeneyo yayamba ya chifuwa chomwe chinapola kale, thupi lotopa nthawi zonse, msana ndi mapewa kuphwanya, kupsa mtima ndi zazii.

Ili ngati galu wapakhomo. Galu wouwa fisi akafika pakhola ndi chuma. Koma galu wouwa tsamba, kuuwa mwezi, kuuwa mwini nyumba, usiku onse mpaka kucha, m'nyumbamo simugonedwa ndipo tsiku lobweradi fisi palibe amadziwa.

Palinso mtundu wina woopsa kuuona. Msuweni wanga wina amapalasa kabaza pa Nchalo, mnyamata wa mphamvu zake. Tsiku lina masana ali pa siteji akudikira kasitomala anangomva mtima kuti gu gu gu, pachifuwa ngati wina wakhalapo, manja dzanzi, chizungulire, iye n'kuyamba kutsanzika anzake kuti ndikufa ine muwauze amayi. Anamuthamangitsira kuchipatala, pofika n'kuti zatha, kuyeza malungo palibe, shuga ali bwino, BP yatsika kale. Anamupatsa panado n'kubwerera. Patatha sabata ziwiri zinabweranso, kenako anayamba kuopa siteji yomweyo. Ichi ndi chomwe amati panic attack, wezulo wa m'thupi kulira mwamphamvu popanda madzi aliwonse. Imakwera msanga, mkati mwa mphindi 10 yafika pachimake, kenako imatsika yokha. Payokha siipha, koma amene ikumuchitikira simungamuuze zimenezo.

Mitundu ina ndingoidutsa. Pali kuopa anthu kopyola manyazi wamba, koti munthu amasiya sukulu chifukwa choopa kuimitsidwa mkalasi. Pali kuopa chinthu chimodzi mopitirira, jekeseni, bwato, mdima. Nde pali PTSD, yobwera munthu akadutsa m'zoopsa zenizeni, zimangobwerera m'maloto ndi m'maso ngati zikuchitika pompano. Imeneyi m'mabuku a madokotala anaipatula mu 2013 kuiika m'gulu lakelake, koma ndi pachibale ndi nkhawa, ndipo za azakhali anga zija ine ndimaona ngati zayandikira kumeneku, kungoti ine si dokotala.

Mainawa ndi atsopano koma matendawo ayi. Mu 1871 dokotala Jacob Da Costa analemba za asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America omwe ankadandaula mtima kuthamanga ndi kubanika chonsecho mtimawo ulibe chilema. Sigmund Freud mu 1895 anaipatula nkhawa ngati vuto palokha. Koma magulu omwe tikutchula lerowa anakhazikika mu 1980, pomwe bungwe la madokotala a maganizo ku America linatulutsa buku lawo lachitatu la mndandanda wa matenda, DSM-III. Kutanthauza kuti malire a pakati pa nkhawa wamba ndi matenda anachita kujambulidwa ndi anthu atakhala pansi, ndipo akhala akusunthidwa. Miyezi 6 ija poyamba unali mwezi umodzi.

Ndi angati ali nayo?

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, pafupifupi anthu 4 pa 100 aliwonse, ndipo mwa amenewa 58 miliyoni anali ana ndi achinyamata. Pa matenda onse a maganizo awa ndi amene ali ndi anthu ambiri. Amayi amapezeka nawo kwambiri kuposa abambo, ndipo kawirikawiri amayamba munthu akadali wamng'ono. Mu 2022 bungwe lomweli linanena kuti chaka choyamba cha COVID-19 chinakweza nkhawa ndi matenda okhumudwa ndi 25 peresenti padziko lonse. Nambala yomwe imandikhudza ine ndi iyi, mwa anthu anayi ofunika thandizo ndi mmodzi yekha amalandira.

Anthu 4 pa 100 zimamveka zochepa, koma tengani tchalitchi cha anthu 300 Lamulungu mmawa, ndiye kuti 12 akhala mmenemo, akuimba nawo kwaya bwinobwino.

Koma manambalawa muziwagwira mosamala. Palibe amene anayenda khomo ndi khomo dziko lonse. Amatenga kafukufuku wa madera omwe anafunsidwa n'kuyerekeza kwa otsalawo, ndipo kafukufuku wambiri anachitikira kumayiko olemera. Zili ngati kufuna kudziwa nsomba za m'dambo lonse la Elephant Marsh powerenga zomwe zafika pamsika wa Bangula. Zomwe zadyedwa kumadooko, zomwe zaolokera kwina, zomwe sizinakodwe, zonsezo mulibe. Mafunso akenso, ngati aja 7 otchedwa GAD-7 omwe anapangidwa mu 2006, analembedwa m'Chingerezi poganizira anthu akwawoko. Mufunse gogo wa kwa Tengani kuti kodi mumamva nthumanzi kangati pa sabata ziwiri, akuyankhani kuti ine mwana wanga mutu ndi umene ukundiwawa, ndi mtimawu umangotentha. Nde mulemba chani pa fomupo?

Kodi ndi matenda a masiku ano?

Akuluakulu ambiri amati kale kunalibe izi, zabwera ndi mafoni. Musanavomere kapena kukana imvani kankhani aka. Mu 1881 dokotala wa ku New York, George Beard, analemba kuti anthu a m'nthawi yake atha mphamvu za m'mitsempha chifukwa cha moyo wamakono, ndipo olakwa anawatchula: makina oyendera nthunzi, nyuzipepala, telegalafu, sayansi, ndi amayi kuyamba kuphunzira kwambiri. Chomalizacho lero tingoseka. Koma onani kuti zaka zoposa 140 zapitazo anthu ankadandaula kale kuti nkhani zikufika mothamanga kwambiri mutu sukupuma.

Ndiponso kale lathu lomwe timalitamalo silinali la mtendere okhaokha. Amene anakula m'ma 1980 ku Nsanje akukumbuka nkhondo ya ku Mozambique, mfuti zikumveka kutsidya, anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni atadzadza m'dziko muno mpaka nkhondoyo kutha mu 1992. Anthu amenewo ankagona tulo tabwino? Kungoti panalibe owafunsa.

Komabe a mbali inayo ali ndi mfundo. Kale mbiri yoipa inkayenda ndi miyendo, maliro a kwa Ngabu ankafika kwa Makhuwira mawa lake. Lero foni ili pansi pa pilo, 2 koloko usiku mwaona kale ngozi ya minibasi pa Thabwa ndi zithunzi zake, voice note yoti damu latsegulidwa kumtunda thawani, yopanda dzina la woitumiza, kenako mnzanu wa ku pulayimale waponya chithunzi ali pa galimoto ku Johannesburg inu mukudya nyemba za ngongole. Mlonda wa mu ubongo uja sasiyanitsa bwino choopsa cha pakhomo ndi cha pa sikirini, amangoliza wezulo basi. Onjezani kandege ndi kubetcha mpira, komwe mtima umakwera ndi kutsika ka 50 pa ola limodzi.

Akatswiri pankhaniyi agawanika. Ena akuti kumayiko ngati America ndi Britain mavuto a maganizo mwa achinyamata, makamaka atsikana, anayamba kukwera cha m'ma 2012, nthawi yomwe mafoni amakono anafika m'manja mwa aliyense, nde wolakwa akuonekeratu. Australia inafika pokhazikitsa lamulo mu November 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi ma akaunti pa masamba amchezo. Ena akuti dikirani kaye, zinthu ziwiri kukwera limodzi sikutanthauza kuti china chabala chinzake, mwina ana omwe ali kale ndi nkhawa ndi amene amakakamira pa foni, komanso masiku ano anthu akumasuka kunena ndipo madokotala akufunsa kwambiri, nde chakwera mwina ndi kuwerenga osati matenda. Mkanganowu sunathe.

Chimayambitsa n'chani?

Sichikhala chimodzi. Zili ngati kusefukira kwa Shire, sikuti ndi mvula ya pa Chikwawa yokha, ndi ya ku Mulanje yobwera ndi Ruo, ya ku Mwanza, mitengo yomwe inadulidwa kumapiri, mchenga womwe wakwirira mtsinje, zonse zikakumana nde madzi m'nyumba.

Mtsinje woyamba ndi chibadwa. Kafukufuku wa mapasa amaonetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chiopsezo limayenda m'magazi. Si kuti mayi akakhala nayo mwana ndiye basi, koma ena amabadwa wezulo wawo ali wofewa kuliza. Wachiwiri ndi ubwana, mwana wokulira m'nyumba ya ndewu, womenyedwa, wogwiriridwa, woferedwa makolo n'kumangosinthidwa makomo, thupi lake limaphunzira msanga kuti dziko si malo ogona maso onse awiri.

Wachitatu nde wathu uno, kusadziwa za mawa. Ofufuza amati chomwe chimadyetsa nkhawa kwambiri si vuto lalikulu lodziwika ayi, koma vuto losadziwika tsiku lobwera, lomwenso ulibe nalo mphamvu. Tawerengani nokha. January 2015 madzi anasamutsa anthu oposa 200,000 m'dziko muno, Makhanga n'kusanduka chilumba. March 2019 namondwe Idai. January 2022 namondwe Ana, yemwe anaononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko lonse n'kukhala mu mdima wa kuzimazima kwa chaka ndi miyezi. Patangotha miyezi iwiri Gombe. March 2023 Freddy, anthu oposa 1,000 anamwalira, oposa 600,000 kusowa pokhala. Chaka chotsatira ng'amba. Mwana wobadwa 2010 kwa Mlolo kapena kwa Nyachikadza wagona mkalasi ngati kampu kangati asanalembe Standard 8? Ndipo nkhawa ya madzi siithera pa tsiku la madzi. Imapitirira pa mndandanda wa olandira ufa, dzina langa lilipo kapena alichotsa, pa munda womwe wakwiririka ndi mchenga, pa funso loti ndimangenso ya njerwa zootcha kapena ndingoika zidina poti igwanso.

Ndalama nazo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Thonje umalima osadziwa adzagula pa mtengo wanji, ganyu ya kumunda wa mzimbe ndi ya nyengo, katapila amakudikira pakhomo. Abambo ambiri kuno sanganene kuti ndili ndi nkhawa, mwamuna salira eti, nde zimatulukira kwina, kukalipa kunyumba, kukhala pa kachasu kuyambira mmawa. Ine ndimakayika ngati kusiyana kwa amayi ndi abambo m'manambala muja n'koona konse, mwina abambo timangobisa bwino. Umphawi ndi nkhawa zimadyetsana, wosowa amada nkhawa, wankhawa amalephera kugwira ntchito bwino, n'kusowanso kwambiri. Koma musamve ngati olemera alibe, aliponso a mipanda ya njerwa omwe sagona.

Pali kutenthanso. October ndi November kwa Ngabu kapena pa boma la Nsanje kumapyola madigiri 40, usiku malata akutulutsabe moto, anthu agona panja udzudzu uli pamenepo. Kusagona ndi nkhawa ndi mapasa, usiku umodzi osagona bwino mawa lake kanthu kakang'ono kamaoneka phiri.

Nde pali zomwe timamwa. Mowa umaziziritsa mtima madzulo, mmawa nkhawa imabwera yaonjeza. Chamba ena chimawabweretsera panic attack yeniyeni. Ma energy drink omwe madalaivala ndi akabaza amamwa atatu anayi pa tsiku ali ndi caffeine wothamangitsa mtima, msuweni wanga uja anali mmodzi mwa iwo. Komanso matenda ena a m'thupi amavala nkhope ya nkhawa, kuchepa magazi, chithokomiro chogwira ntchito mopyola, shuga kutsika, mphumu, vuto la mtima lenileni. N'chifukwa chake kuyezetsa kaye si kutaya nthawi.

Kuganiza kwambiri, ndi komwe anthu amapita

Ife tili nawo kale mawu athu. Timati akuganiza kwambiri, wadwala maganizo, mtima wake suli m'malo. Anzathu a Chishona ku Zimbabwe amati kufungisisa, tanthauzo lake lomwelo, ndipo mawu amenewa analowa mpaka m'buku la madokotala aku America lija pomwe linalembedwanso mu 2013 ngati chitsanzo cha mmene anthu ena amatchulira vutoli. Chovuta kwathu n'choti mawu oti matenda a maganizo akangotchulidwa anthu amamva misala, amaona munthu wovula akutola zinyalala pamsika, amamva Zomba. Nde munthu amalolera kuvutika zaka kusiyana n'kuti anthu azimuloza. Mbiri yake iliponso, kwa zaka zoposa 70 dziko lino linkayendera lamulo la atsamunda la 1948, Mental Treatment Act, lomwe maso ake anali pa kutsekera odwala osati kuthandiza munthu ngati azakhali anga amene akulima, kuphika ndi kulera adzukulu bwinobwino, kungoti sagona.

Thandizo lakuchipatala lili pawiri. Loyamba ndi kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa, njira yodziwika kwambiri ndi CBT yomwe Aaron Beck anayambitsa m'ma 1960. Amakuphunzitsa kugwira ganizo lija likamabwera n'kulifunsa umboni, komanso kuyandikira pang'onopang'ono chomwe umathawa, chifukwa kuthawa kumapepuza lero koma kumanenepetsa mantha. Ngati mmene amaphunzitsira ng'ombe yangolo kuyenda mu msewu wa magalimoto, sayamba ndi pa Dyeratu tsiku la msika, amayamba ndi kanjira ka kumunda. Lachiwiri ndi mankhwala. Ena ngati fluoxetine ndi amitriptyline amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Diazepam, uja anatchuka ndi dzina loti Valium kuyambira 1963, amagwira msanga koma thupi limamuzolowera n'kuyamba kumufuna, nde ogula wa pamsika kuti agone akuzimitsa moto ndi palafini.

Madokotala akuluakulu a maganizo m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni lino ndi owerengeka. Zipatala zodziwika ndi Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi kiliniki ya ku Queens ku Blantyre, zonse kukwera phiri. Pazipatala za maboma pamakhala anamwino kapena makiliniko ofisa ophunzira za maganizo, ndipo ndi poyambira pabwino, koma wochokera ku East Bank nthawi ya dzinja transipoti yokha ndi nkhawa ina. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda ataona kuchepa komweku anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Harare, kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki kumamvetsera anthu ndi kuwathandiza kumasula mavuto limodzi limodzi. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino, ndipo njirayi yayesedwanso kuno ku Malawi.

Ambiri kwathu amayamba ndi kwa abusa kapena kwa asing'anga, ndipo sindikuwaweruza. Kumeneko munthu amamvetseredwa ola lathunthu, amagwiridwa dzanja, amauzidwa chifukwa chake, pomwe pamzere wa kuchipatala ndi mphindi zitatu. Ena amapezadi mpumulo. Pomwe pamaopsa ndi pamene wauzidwa kuti wakulodza ndi apongozi ako, kapena kuti taya mankhwala, apo nkhawa imodzi yabala ziwiri. Ndipo munthu akayamba kulankhula zoti bola kufa, imeneyo si nkhani yodikira Lamulungu, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi lija la manambala, kodi nkhawa yachulukadi kapena tangoyamba kuitchula dzina? Nanga kutchula dzinako kumathandiza nthawi zonse? Ena amati munthu akadziwa kuti chomwe akumva chili ndi dzina ndipo sichimupha, theka la mantha limachoka, msuweni wanga zinamuthandiza chonchi. Ena akuti mavidiyo a pa TikTok akuphunzitsa ana kutcha kugunda kwa mtima kwa tsiku la mayeso kuti matenda, mpaka kuyamba kudziona odwala.

Za mafoni nazo sizinagamulidwe, ndipo kwathu funso lake ndi lopindika kwambiri, chifukwa foni yomwe imabweretsa voice note yabodza ija ndi yomweyonso imabweretsa chenjezo la azanyengo ndi ndalama ya mwana wa ku Joni. Mumulanda iti n'kumusiyira iti?

Palinso funso la ndalama za boma ndi mabungwe. Pakagwa ngozi timawerenga matumba a ufa, matenti ndi zidebe. Kodi oti azikhala pansi kumvetsera anthu miyezi 6 madzi ataphwa alowe pa mndandanda omwewo, pomwe ufawo sukukwana n'komwe? Nanga agogo a pa benchi aja angagwire ntchito yaulere mpaka liti?

Koma lomwe limandizunguza mutu ine ndi ili. Mabuku amati nkhawa ndi matenda ikaposa kukula kwa choopsacho. Nanga choopsacho chikakhala chenicheni, chobwera pafupifupi chaka ndi chaka, muyezo wake ndi uti? Azakhali anga akakhala pakhomo ndi tochi mu February, akudwala kapena akulondera? Nanga mu June? Ena amati mankhwala ake ndi kusamukira kumtunda monga boma lakhala likunenera, ena amati kumtundako kulibe dimba, kulibe nsomba, manda a makolo atsala kumadzi, nde wangosinthitsa nkhawa ya madzi ndi ya njala. Nditawafunsa iwo eni ake anandiyankha kuti, "Mwana wa achimwene, kumtundako mvula siigunda malata?"